Lilime la m'mwala

Mwalawu unkatsekereza chitseko kwathu ku Zolozolo
zaka khumi ndi zinayi,
kuti mphepo ya mu Juni isamachimenyetse.
Bambo anabwera nawo m'thumba la jekete
kuchokera ku mgodi wa malasha, cha ku Rumphi uko,
chaka chomwe anayamba kutsokomola.
Iwo ankati pali tsamba pamenepa.
Amayi ankati pali fumbi basi,
n'kuukankha ndi phazi akamasesa.

Lero ndauika patebulo kuno ku Luwinga,
pansi pa galasi lokuza zinthu.
Magetsi athima kawiri chiyambire m'mawa.
A Chavula, osunga makiyi a chipinda chino,
andiunikira ndi tochi ya foni yawo,
apendeketsa mutu
ngati tabwera kudzazonda wodwala.

Ndi tsambadi.
Kutalika kwake ngati chala changa chapakati,
nsonga yobulungira ngati lilime la mbuzi,
timitsempha tolukana ngati lichero.
Linagwera m'matope kusanaphuke duwa n'limodzi lomwe,
kusanakhale udzu, kusanakhale mbalame.
Zaka zake ndazilemba m'kope,
maziro andanda ngati anthu pamzere wa fetereza,
koma mutu wanga wakana kuzisenza.

Ndalifunsa: munatuluka bwanji m'madzi?
Anayamba ndani kukwawira kumtunda
kopanda mthunzi, thanthwe lokhalokha, dzuwa lili ng'aa?
Lilime lili duu.
Nalonso ndi chidzukulu chabe,
linabadwa nkhani itapita kale patali.

Makolo ake ndimawaganizira ndikamadutsa
kuseri kwa thanki ya madzi,
pomwe ndere yagwira khoma ngati bulangete lonyowa.
Anali otero: afupi, opanda muzu weniweni,
oopa kutalikira chinyontho
ngati mwana wogwira chitenje pamsika.
Kenaka wina anaphunzira kudzola phula kuti asaume.
Wina anaboola timilomo pakhungu,
totseguka, totsekeka,
kumeza mpweya koma osataya madzi onse.
Wina anaima chilili,
madzi n'kukwera m'thupi mwake popanda wotunga.
Palibe anadziwa kuti akuphunzira.
Olephera anali ambiri, ndipo alibe manda.

Ndipo mbewu!
Kumangira mwana kamba wa paulendo,
kumukulunga bwinobwino, kumuponya kouma,
osadziwa ngati kukagwa mvula.
Amayi anatero nane, ndi mbatata zophika m'jumbo,
tsiku loyamba kubwera kuno.

Kunja kwayamba kuwaza, kamvula ka Mzuzu
kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa.
Akabaza abisala pakhonde la golosale.
Mapaini aima m'nkhungu, osadabwa ndi kanthu,
ngati kuima n'chinthu chapafupi.

A Chavula akuti: Nanga mtengo wake, Nyaluhanga,
nkhuni zake zinkayaka bwino?
Ndaseka, kenaka ndaleka.
Zikuyaka lero, ndawauza.
N'zomwe bambo ankakumba atagwada,
nkhalango yonse itapsinjika n'kuda bii,
dzuwa lakalekale losungidwa mumdima.
Mitengo yomwe inadzaza dziko ndi mpweya
ndiyo inadzaza chifuwa chawo ndi fumbi.
Sindidziwa kuti zimenezi ndizilembe pa mzere uti.

Ndayeza m'litali, ndayeza m'lifupi.
Ndawerenga timitsempha pa sentimita imodzi,
ndasokoneza, ndayambiranso.
Akuti abale a tsambali amapezekanso
kutsidya kwa nyanja zamchere, ngakhale pansi pa chisanu,
poti maiko anali mphasa imodzi asanang'ambike.
Bambo sanapitirirepo Karonga.
Ankangoti tsambali likufanana ndi la mango,
ndipo ndikaliyang'ana chammbali, sankanama kwenikweni.

Madzulo ndakulunga mwala m'thonje,
ndaumata nambala, ndautsekera m'kabati.
Ndakwera njinga mpaka kunyumba wopanda kanthu m'manja.
Ndili pampanda ndamva chitseko: pha! pha!
Amayi aikapo simbi yakale ya makala,
koma akuti ndi yopepuka,
akufunsa ngati asukuluwo athana nawo mwala wathu.